Mafupa a Apongozi pa Intaneti

Panali munthu wina ku Moatize, m'dera la 25 de Setembro, dzina lake Flávio. Ntchito yake inali yokonzera masitolo ndi masukulu masamba a pa intaneti. Analinso ndi tsamba lakelake lomwe ankalembapo malangizo a ntchitoyi ndi nkhani za moyo wake. Akadya, ankalemba. Akadwala chimfine, ankalembanso. Munthuyu akanatha kujambula ngakhale masanzi ake bola anthu amuyamikire.

Flávio anali pa chitomero ndi Ivânia, mwana wa mayi Belmira a ku Cateme. Ukwati unali utatsala miyezi iwiri.

Banja la Ivânia linasamutsidwira kale ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malasha, koma manda a bambo ake anatsala kumudzi wakale. Mgodi utayandikira mandawo, panafunika kufukula mafupa kuti akawaike ku Cateme. Akubanjako anamuitana Flávio ngati mkamwini. Atsibweni a Ivânia, a Policarpo, ananena poyera: "Pano palibe kujambula. Mafoni onse m'matumba."

Mafupa atatuluka, mayi Belmira anawakulunga m'kapulana, nsalu yomwe anavala tsiku la ukwati wawo, n'kugwada akulira. Flávio anatulutsa foni mobisa n'kujambula.

Lolemba analemba patsamba lake: "Langizo la lero: chithunzi cholemera chimachedwetsa tsamba. Chipeputseni kuti chizitseguka msanga ngakhale pa foni yotchipa. Onani chitsanzo. Awa ndi apongozi anga, tawasamutsa Loweruka." Pansi pake anaika chithunzi chija kawiri, cholemera ndi chopepuka, chigaza chikuonekera pakona pa kapulana. Zonyansa!

Natércia, mnzake wa kuofesi, atachiona anasiya kudya.

"Iwe Flávio, mutu wako ukugwira? Chotsa zimenezi pompano."

"Mana, mlongo wanga, taona anthu omwe alowa patsamba! Chithunzi cha mango sichikanakoka anthu chonchi."

"Amenewa ndi bambo a mkazi wako."

"Ku Cateme ndani amawerenga zanga? Netiweki yake ndi yochita kukwera pachulu."

Anaiwala luso lake lomwe. Chithunzi anachipeputsa bwino kwambiri, moti chinkatseguka ngakhale pachulupo. Pofika Lachitatu chinali m'magulu a WhatsApp mpaka ku Zóbuè. Sing'anga wina wabodza anachitenga n'kulembapo nambala yake, ati amagulitsa zizimba za chuma. Mayi wina woimba nawo kwaya anaonetsa mayi Belmira ali pamjigo. Iwo anazindikira kapulana yawo, ndowa n'kuwapulumuka m'manja.

Flávio anafufuta nkhaniyo patsamba lake, nakwera minibasi ya shapa kupita ku Cateme. Anapeza banja lonse lili pakhonde. Palibe anamupatsa mpando.

"Amayi, pepani. Ndachotsa kale."

"Mwachotsa kuti, bambo?" anafunsa mayi Belmira. A Policarpo anatukula foni yawo, msuweni wina yakenso, mlamu wina yakenso. Monsemo munali chigaza chija.

"Amuna anga malasha anawadzutsa kamodzi, ndinapirira," anatero mayiwo. "Inu mukuwafukula tsiku ndi tsiku m'manja mwa anthu osawadziwa. Kawatoleni konseko muwabweze kumanda, ndiye mubwere tikambe za ukwati."

Flávio anayang'ana Ivânia kuti amulankhulireko. Ivânia anavula mphete, naiika pansi pafupi ndi nsapato zake.

"Ijambule," anatero. "Ukalembe langizo la mawa."

Mpaka lero chithunzicho chikuyendabe m'mafoni, ndipo Flávio akadali mbeta yachimuna.

Phunziro: Si chilichonse chomwe maso aona chiyenera kupita pa intaneti. Akakuuzani kuti musajambule, bwezani foni m'thumba, chifukwa chomwe mwatumiza simungachiitanenso. Tumizirani uthengawu abale ndi anzanu, makamaka aja amatukula foni pamaliro.