Dzina la pa Geti ya aJacob

Moto wa makina uli pakati podula dzina, chitsulo chinayamba kufufuma ndi kutentha.

Inu, thukuta lake Maurice! Makina odulira zitsulo oyendetsedwa ndi kompyutawa anawapanga yekha ku Chigumula, ndipo kachipangizo koti kamlomo ka moto kazikwera ndi kutsika kokha anali atangomangirira dzulo lake. Tsono aJacob, bambo ake a Ida, chibwenzi cha Maurice, amene anakalambira kuwotcherera ku njanji, anabweretsa chitsulo chimodzi chokha, ati awadulire dzina la pa geti. Koma aliyense ankadziwa kuti chikuyesedwa apa si geti.

"Kweza, iwe! Kagunda chitsulo ako!" anakuwa aJacob.

Dzanja la Maurice linapita pa batani, n'kubwerera, n'kupitanso. Kenako analitsekera m'thumba.

Kamlomo kanafika pofufuma paja, kanakwera pang'onopang'ono, n'kutsetserekera kuseri, moto osazima.

AJacob anagwada, n'kusuzumira kunsi kwa tebulo ngati kwabisala munthu. Anadzuka, anayendetsa chala m'mphepete mwa zilembo.

"Amalume anu," anatero akusansa fumbi m'mawondo, "Loweruka amakhala ali pakhomo?"