A Wiseman Akwera Mgolo

Anthu oika zikwangwani atayamba kukwera makwerero tsidya la msewu, a Wiseman Tembo anali atatulutsa kale mabenchi onse a mu situdiyo yawo n'kuwandandika pakhonde. Anaitana aliyense: ometa tsitsi, amayi ootcha chimanga, makondakitala a minibasi za ku Makululu, mpaka mkulu wa mpingo. Munthu sakwera pachikwangwani tsiku lililonse, ndiye ukakwerapo pamafunika mboni.

Kwa zaka makumi atatu a Wiseman anajambula Kabwe yense, kuyambira maukwati, maliro, mpaka omaliza maphunziro ku yunivesite ya Mulungushi. Anthu akachuluka, iwo ankakwera pamgolo wawo wabuluu kuti wakumbuyo naye aoneke, n'kulamula kuti onse ayang'ane kumwamba. Koma masiku ano mgolowo unkangokhala pakona, akangaude atausandutsa mudzi. Ntchito zinathawira kwa Juliet, mayi wa ku Nakoli wojambula ndi foni, amene a Wiseman ankati sadziwa ngakhale kumene kamera imayang'ana. Mwini nyumba anali atanena kale kuti situdiyo ikapitiriza kugona chonchi, aikamo wogulitsa nkhuku. A Wiseman ankaseka mawuwo pagulu, koma mumtima ankachita nawo mantha.

Ndiye mwezi wathawu kunatulukira Lois, wa kukampani ina yakunja yopanga makamera, imene ili ndi ofesi ku Lusaka. Anati kampaniyo ikuyamba kupanga madroni, tindege touluka ndi kamera kumimba, ndipo ikufuna wojambula mmodzi wa mu Kabwe woti impatse droni yoyamba, akhalenso nkhope yake m'tauniyo.

"Ba Wiseman, aliyense wamene nafunsa anituma kuli imwe," anatero Lois. "Ati kulibe wamene anayamba kudala, kale-kale, monga imwe."

A Wiseman anakhosomola modzichepetsa n'kupita kukavala suti. Lois anawapempha kuti aivule, avale kajekete kawo kakale ka matumba khumi, kothetheka m'mapewa. Atamuonetsa kamera yawo yatsopanoko, iye anailambalala n'kuloza ina ya filimu, yomangidwa chitseko ndi mphira. Ataona mgolo, maso ake anawala. Anawakweza kanayi konse, mawondo akulira, iye akujambula. A Wiseman anadziwa pomwepo kuti mwana uyu analeredwa bwino, amadziwa kulemekeza luso.

Droni yokhayo sanaikhudze. Inali m'kabokosi pampando wa galimoto, ndipo Lois anati batire ilibe moto. Kenako anatulutsa pepala loti asaine. Magalasi anali m'thumba lachitatu la kajekete, koma wojambula wanji angaonetse mlendo wa ku Lusaka kuti maso anayamba kumuthawa? Analiyang'ana pepalalo mwaukatswiri, n'kusaina ndi mchira wautali.

Kuyambira tsikulo a Wiseman ankayenda ngati mapazi sakufika pansi. Anafufuta dzina lakale pakhomo n'kulembetsa lakuti Wiseman Sky Studio, ndi kandege pambali. Anauza mabanja awiri kuti aimike kaye maukwati mpaka ndege ifike. Akazi awo, amake Chola, anawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iwo anayankha kuti vuto la anthu a ku Petauke, kwawo kwa mayiwo, ndi limenelo, chilichonse chouluka amachiyesa ufiti.

Tsopano tsiku linali litakwana. Pamwamba paja anthu aja anali kumangirira chinsalu chachikulu chokulungidwa, dzuwa la masana likuwawotcha m'khosi. A Wiseman anaona Juliet ataima pafupi ndi wogulitsa madzi ozizira, foni m'manja. Chifundo chinawagwira, chifundo chokoma chija chimene munthu amamvera mdani wogonja.

"Iwe Juliet, bwela unkale pa benchi. Upunzileko vamene bakulu bamachita."

"Nili che bwino apa, ba Wiseman," anayankha Juliet. "Apa ndiye nikuonani mushe."

Ndipo zoonadi, foni yake sinaloze kuchikwangwani. Inaloza kwa iwo. A Wiseman anakonza kolala, poganiza kuti nsanje ikafika pamapeto imasanduka ulemu.

Chinsalu chinayamba kutambasuka kuchokera kumanzere. Unayamba kuoneka mgolo, wabuluu, waukulu ngati thanki ya madzi. Pamwamba pake panali a Wiseman, aatali kuposa mtengo wa magetsi, kamera ya mphira ili kumaso, mwendo umodzi ukufunafuna popondera. Amayi achimanga analulutira. Makondakitala anaimba malikhweru n'kumenya zitseko za minibasi. Misozi inalengeza m'maso mwa a Wiseman, chifukwa zaka zonsezi ankajambula anthu ena, iwo popanda wowajambula.

Anatembenuka, n'kufulatira chikwangwani kuti awerame pamaso pa anthu awo. Anawerama kamodzi, kawiri. Powerama kachitatu anamva kuti kuwomba m'manja kwayamba kuchepa. Mkulu wa mpingo anali kuyang'ana nsapato zake. Wometa wina anadziphimba pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Amake Chola ananyamuka mwakachetechete n'kuyamba kulowetsa benchi m'nyumba.

A Wiseman anacheuka. Chinsalu chinali chitatambasuka chonse, koma kwa iwo zilembo zinali ngati utsi wofiira. Anapisa dzanja m'thumba lachitatu, ndipo kwa nthawi yoyamba anavala magalasi pagulu.

Pamwamba pa mutu wawo panalembedwa kuti KALE. Theka linalo linali ndi mawu akuti LELO, ndipo pansi pake panaima Juliet, akumwetulira, droni ikuuluka pamwamba pa dzanja lake.