Shelefu ya Pansi

Mmisiri anali atavula kale nsapato pamene alamu ake anaimba foni.

"Alamu, makina athu okumba ndalama za pa intaneti aja akutentha. Tapitani mukawaone."

Anapita akung'ung'udza. Mashelefu achitsulo a m'chipinda cha makinawo anawotcherera yekha, makina khumi ndi awiri anamanganso yekha, ndipo aliwonse anawamata kapepala ka nambala kolemba ndi dzanja lake. Shelefu ya pansi ankaisiya dala yopanda kanthu kuti mpweya uzidutsa.

Atangolowa, chitseko chinadzitseka. M'chipindamo munali zii, kuzizira, mafani akulira bwinobwino. Koma shelefu ya pansi ija inali itatalika. Poti mmisiri sakhulupirira maso, anatulutsa tepi n'kuyeza. Unali msinkhu wake ndendende.

Anathimitsa magetsi onse. Mafani sanasiye, koma tsopano ankakoka mpweya n'kuutulutsa pang'onopang'ono, ngati munthu amene ali m'tulo.

Anafufuza chitseko mumdimamo. Manja ake ankangogwira zitsulo zokhazokha, kumanja, kumanzere, ngakhale pamene panali khomo paja. Kanjira ka pakati kanali katayamba kumupana mapewa.

Anaimba foni. "Alamu, bwerani mudzanditsegulire, chonde!"

"Mukadali chiimire?" anafunsa alamuwo mofatsa. "Si malo anu mwawaona kale?"

Anaunika pansi ndi foniyo. Pashelefu paja panali patamatidwa kapepala, inki yake isanaume n'komwe. Zolembazo zinali za dzanja lake: nambala 13.