Mzere Umene Amalume Anakana

"Fufuta mzere uwo," anatero a Elifala, mkulu wa mpingo, akuloza kalata imene Rakele, mwana wa mlongo wawo, ankalemba yopempha malo kusukulu ya unamwino.

Rakele anali atalemba zoona: kuti chiyambire ubwana maganizo ake sakhazikika, amasiya ichi n'kulumphira icho, ndipo chimene chimamuthandiza n'kulemba zonse pakapepala.

"Afunsa za thanzi, amalume. Ndiname?"

"Ukufuna akuyese wozungulira mutu? Kumtundu kwathu kulibe matenda amenewo. Ndipo kalatayi ndikaponya ndine kupositi ku Madisi. Iwe ungakaisiye pachitsa."

Rakele analemba ina yopanda mzerewo n'kuwapatsa.

Patatha mwezi, tsiku lotsekera kulandira makalatawo litadutsa kalekale, awiriwo anapita kumsika. Pachipata anyamata a chipani anawaimitsa.

"Khadi la chipani, bambo."

A Elifala anapisa m'thumba la jekete monyadira, koma chimene chinatuluka ndi envelopu, sitampa ili chimatire. Mnyamata wina anawerenga mokweza: "Kwa Mphunzitsi Wamkulu, Sukulu ya Unamwino."

Anapisanso matumba onse. Khadi munalibe.

"Mwaiwala, bambo?"

Rakele anaonetsa khadi lake, maso ali pa envelopu ija.

"Sangaiwale awa, achimwene," anatero. "Kumtundu kwathu kulibe matenda amenewo."