Akangondiitana Kamodzi

Jonasi anamangirira bulangete pa kaliyala wa njinga, nakoka lamba mpaka zala kuwawa. Katundu wa mkamwini sachedwa kulongedza. Nyumba anamanga yekha, malata anakhoma yekha, koma dothi linali la kwawo kwa mkazi wake, Belita, kuno kwa Mkhumba. Zake zenizeni zinali bulangetelo, malaya awiri otuwa ndi ufa, ndi wailesi imene masiku ano inkangonong'ona. Mabatire a chaka cha 1999 anali ngati malonjezo a pa kampeni.

Kwa zaka khumi ndi zisanu Jonasi ankayendetsa chigayo cha dizilo pamsika. Kumeneko anthu ankamuyankhula ngati munthu. Amayi ankamukuwira za mgaiwa ndi ufa woyera, iye n'kuwabwezera, onse n'kuseka. Koma akangofika pakhomo pake, zii! Belita, amene kale ankasesa bwalo akuyimba za Chilomwe mpaka nkhuku kudabwa, anali atasanduka chitsa. Akamuikira madzi osamba ankagwada, mutu pansi monga anamulangizira anankungwi, n'kukhala choncho kanthawi, kenako n'kunyamuka maso ali psuu. Nthawi zina ankang'ung'udza zosamveka. Jonasi ankadana nazo zimenezo, ndipo ankamukalipira mpaka mkaziyo kukalowa m'nyumba.

Poyamba ankati ndi mimba, poti Belita anali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu. Koma Lolemba lapitali, ataima pakhomo la chigayo, anadzionera yekha. Patsinde pa mtengo panali Belita ndi Dickson, wa zaumoyo wochokera ku Ntcheu, mnyamata wa nsapato zopolisha ngakhale m'fumbi. Dickson analemba kapepala atatsamiritsa pabondo, namupatsa. Onse awiri anayang'ana kuchigayo, ndipo ataona Jonasi anasiya kuyankhula.

Kapepalako anakapeza dzulo, kopindidwa bwino, m'chitini cha mchere. Jonasi sukulu ankangoidutsa panja, koma anati mwamuna safunika sukulu kuti azindikire kalata ya chibwenzi. Kupempha wina kuti amuwerengere? Kuti msika wonse udziwe dzuwa lisanalowe? Anakana. Chikomekome cha mkuyu, anadziuza, m'kati muli nyerere.

Tsopano Belita anakhala pakhonde, miyendo yotupa atatambasula.

"Mayi a Eneya, ine ndikupita ku Chilwa. Ndizikapha mlamba kumeneko, kuno simudzandionanso. Ngati muli ndi mawu, nenani pano."

Belita anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje. Mapewa ake ankagwedezeka. Jonasi anadikira. Chimene anamva ndi nyenje yokha, ija yakhala ikulira pakhomopo zaka ziwiri, chilimwe ndi dzinja lomwe, osapuma.

"Chabwino. Nayi kalata ya amuna anu."

Anaponya kapepalako pamapazi pake, natembenuza njinga.

Zoona zake, Jonasi sankafuna kupita. Mkaziyo ankamukonda, ndipo kumukondako n'kumene kunkamupweteka. Ku Chilwa analibe bwato, analibe m'bale, ngakhale kusambira sankadziwa. Ndiye anapangana ndi mtima wake: mpaka pa mtengo wa mango uli pokhota njira paja, ayenda wapansi. Akangondiitana kamodzi, anatero mumtima, kamodzi kokha, ndibwerera, ndipo za Dickson sindidzazitchulanso. Koma kucheuka ayi. Mwamuna wocheuka pochoka pachikamwini amasekedwa ndi alamu ake mpaka kumanda.

Anakankha njinga pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Anadutsa nkhokwe imene analuka yekha. Anadutsa khola la mbuzi. Pa munda wa nandolo anaima, nagwada kukonza tcheni chimene chinalibe vuto lililonse. Anatchera khutu. Nyenje basi.

Atafika pa mango anaimanso, akuyang'ana kutsogolo. Anapukuta thukuta, anamanganso lamba womangidwa kale, anawerenga mpaka makumi atatu, kenako anayambiranso. Zaka zonsezi, ana, nyumba ya malata, osayenera ngakhale liwu limodzi? Misozi inatsika, kusiya mizere m'ufa umene sunkachoka pankhope pake. Anakwera njinga, napalasa mwamphamvu kutsetsereka njira ya kunyanja, osacheuka.

Pakhonde paja Belita mawu anali atasasa. Kuyambira pamene Jonasi ankadutsa pa nkhokwe paja, iye ankakuwa "Bambo a Eneya!" mpaka amayi a kumjigo, kuseri kwa minda, anatula zidebe, koma ndi mimba ija kuthamanga sakanatha.

M'dzanja mwake kapepala kaja kanali katafunyululuka: "Jonasi wa kuchigayo. Abwere Lachinayi adzayezetse makutu. Asachedwe."