Kamlatho ka Sungeni

Chiyambireni kuika kachipangizo kotchedwa kamlatho pamsana pa ana opuwala, lamulo la achipatala ndi limodzi: mwana asaberekedwe kumbuyo. Kusekondale tinaphunzira kuti mitsempha ya uthenga sigundana, uthenga umachita kudumpha kampata. Kachipangizoka kamathandiza kudumphako, koma miyendo iziyesa yokha.

Ndiye Sungeni wanga, atamuika kamlathoko, ankakhala pamphasa, ine nsalu yoberekera ili m'manja, mtima uli m'mwamba.

"Mwana kukwawa m'fumbi amake alipo?" anadandaula apongozi. "Mberekeni, adokotalawo sakuona."

"Amayi, tipirireko sabata ino yokha."

Lachinayi masana Sungeni anakuwa. Ndinathamanga. Linthumbu linali litamuluma kuphazi, phazi lomwe chibadwire silinamvepo kanthu.

"Amama, kukuwawa!"

Apongozi anaimba nthungululu. Ine ndinachotsa linthumbulo bwinobwino, ndikuliika pansi osalipha.