Mpando wa ku Ulaya

"Uwu ndi mtengo wa tiki weniweni wa ku Ulaya!" anatero a Bwanali, ogula mipando yakale ochokera ku Limbe, uku akusisita mpandowo. "Taonani, palibe msomali ngakhale umodzi. Akalipentala athu ano sangazithe zimenezi."

A Namakhwa anatsokomola. Mpandowo anaupanga okha ndi matabwa a mlombwa mu 1962, ali kalipentala pa esiteti ya mzungu, ndipo unawatengera miyezi itatu. Anatsala pang'ono kuyankha.

"Komatu mundiuze zoona, madala," anapitiriza a Bwanali. "Azungu amene amandigula amafuna zakunja. Ngati unapangidwa konkuno ku Milepa, ndikusiyirani."

Ruth, mwana wa a Namakhwa, anayang'ana bambo akewo osaphethira. Inali njala ya 2002, nkhokwe ili mbee, ndipo m'galimoto ya a Bwanali munali matumba awiri a chimanga osinthana ndi mpandowo.

"Unabwera pa sitima yapamadzi," anayankha a Namakhwa chapansipansi. "Bwana wanga anachoka nawo kwawo."

"Ndinadziwa ine! Diso langali silinama."

Atakweza mpandowo, a Bwanali anaona sowo ndi nyundo zili pakhonde.

"Kani ndinu kalipentala? Bwerani muuyang'anitsitse komaliza, madala. Mwina mutolapo nzeru."

A Namakhwa anasendera pafupi, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Mwendo wakumbuyowu anaukhotetsa pang'ono," anatero. "Mzungu ameneyu anali asanaidziwe bwino ntchito."